Madzi Ofiira Pachitsime

Wogulitsa madzi anamubweretsa pa polisi nkhope ili magazi okhaokha, malaya atang'ambika, nsapato imodzi itatsala mumsewu. Amene anamuchita zimenezo anali anthu a pamdadada wa kumunsi kwa msika, makasitomala ake omwe. Iwo ankati madzi a m'zigubu zake ndiwo anabweretsa kolera amene anapha mwana wa a Phulusa, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Akanapanda kudutsa apolisi anzathu a pagalimoto, bwenzi pamdadadapo atalira maliro awiri.

Bwana wathu anamutsekera m'chitokosi, namulembera mlandu wophetsa munthu, kenako nkhaniyo anaikankhira kwa ine.

"A Sajeni, pezani umboni msanga timupititse kukhoti. Anthu aja sakhala pansi mpaka ataona wina walangidwa."

Ine milandu ya matenda sindiikonda. Wakuba amasiya mapazi, wakupha amataya chikwanje patchire, koma kolera sasiya kanthu koti n'kuika patebulo la woweruza. Komabe wantchito sasankha, ndinatenga makiyi n'kupita kuchitokosi.

Anthu amamutchula Wangolo, chifukwa cha ngolo yake ya mateyala a njinga imene amakankhirapo zigubu. Ndinamupeza atakhala pakona, atakumbatira botolo. Madzi a m'ndowa ya m'chitokosi anali atawakana, anachita kupempha mkazi wake kuti azimubweretsera akunyumba.

"Madzi anu mumatunga kuti, achimwene?" ndinamufunsa.

"Pampopi wa kumtunda, bwana, uja wa pafupi ndi sukulu. Ndikadzaza ndimathiramo klorini chigubu chilichonse. Azaumoyo anatiphunzitsa, bwana."

"Kugulitsa mumayambira kuti?"

"Kwa wometa tsitsi, bwana. Kenako nyumba za aphunzitsi, kenako kwa atelala. Kumdadada ndimamalizira, poti n'kotsetsereka, ngolo imangopita yokha." Anapukuta magazi ouma pamlomo. "Madzi ndi amodzimodzi, bwana. Ngati ali oipa, bwanji aphunzitsi sakudwala? Bwanji ana anga sakudwala? Mwana uja ndinkamukweza pangolo potsetsereka paja, iye akuseka. Ndingamuphe bwanji?"

Mawu otere ndawamva kwa akuba ambiri. Koma nditatembenuka kuti ndizipita, anandiitananso.

"Bwana, kumdadada kulibe mpopi. Ine mwanditsekera muno. Nanga anthu aja akumwa chiyani?"

* * *

Ndinatsata njira yonse ya ngolo yake. Kwa aphunzitsi kunalibe wodwala, kwa atelala chimodzimodzi. Wometa tsitsi anachita kudzisisita pamimba.

"Ine muno muli zii, a Sajeni. Chondipweteka n'chakuti anthu ndikuwameta osawatsuka mutu. Tibwezereni munthu wathu."

Mdadada wake ndi wa zitseko zoyang'ana bwalo limodzi. Zimbudzi zili kuseri, kumunsi kwenikweni. Pakati pa bwalo pali chitsime chowakidwa ndi simenti, chingwe ndi ndowa zili pambali. Ndinapeza mayi wina akutunga, mwana wake akumwera m'kapu pompo.

Mayi landilodi anatuluka asanaitanidwe. Ndi aja oti akayamba kuyankhula, mnzawo amangodikira kuti apume.

"Chitsime changa musachiloze chala, mwana wanga. Chimenechi anakumba ndi malemu amuna anga inu musanabadwe. Timachapira, timatsukira mbale, ana akatopa ndi masewera amamwako, palibe anatsegulapo m'mimba. Zimbudzi si izo uko kumunsi? Munaonapo madzi akukwera phiri?"

"Panopa nonse mukumwa omwewa?"

"Timwe chiyani nanga? Chigawenga chija mwachisunga inu, mukuchidyetsa ndi misonkho yathu."

"Chitsekeredwe chake, alipo wina wadwala?"

Apo anatsitsa mawu.

"Mdzukulu wanga amutengera kumsasa wa kolera m'mawa uno. Mkazi wa kalipentalanso. Koma zimenezo ndi zotsalira za madzi ake omwe aja."

Ndinanjuta pafupi ndi chitsime. Simenti inali ndi mng'alu wochokera pamalo ochapira mpaka pakamwa pa chitsime, woti chala n'kulowa. M'kati mwa mng'aluwo munali mofiira ngati munadontha penti.

"Ichi n'chiyani, mayi?"

"Amenewo ndi mayi a kamwana komwalira kaja. Anachapa chibulangeti chawo chatsopano apa, chofiira, chosuluka koopsa. Pansi ponse panali psuu. Tsiku limenelo ngakhale ndowa imatuluka m'chitsime ndi madzi ofiirira, mpaka ndinawakalipira kuti andiwonongera nsalu yanga yoyera. Munthu akagula chinthu chatsopano, bwalo lonse lidziwe?"

"Linali liti limenelo?"

"Mwana asanadwale. Anachapa lero, mawa lake kamwana kakudzitama kwa anzake kuti kakugona ndi kambuku wa pabulangetilo, mkuja wake kayamba kusanza."

Iwo ankangodandaula za nsalu yawo, osadziwa kuti andiuza chinthu chachikulu: madzi otayidwa pochapira ankabwerera m'chitsime. Ndinaimbira foni wazaumoyo wa dera lathu. Anabwera ndi anzake, anathira mankhwala m'chitsime, navindikira, namanga ndi waya. Mayi landilodi anatitukwana tonse mpaka makolo athu, kenako ananyamuka kutsatira mdzukulu wawo.

"Chitsime sichibala kolera chokha, a Sajeni," anatero wazaumoyo akupukuta manja. "Tizilombo take timachokera m'chimbudzi kapena m'masanzi a munthu wodwala, n'kulowa m'madzi kapena m'chakudya. Pezani amene anayamba kudwala pano, mwapeza gwero."

Ndinagogoda chitseko ndi chitseko. Mwana uja asanadwale, pamdadada ponse panalibe amene anadwalapo, ndipo panalibe mlendo amene anagonapo.

* * *

Nyumba ya a Phulusa ndi ya chipinda chimodzi chogawa ndi katani. Mayi a malemu anali atakhala pa kabedi ka mwana, bulangeti lili pamiyendo. Linali lofiira, lokhuthala, la ubweya wofewa, pakati pali nkhope ya kambuku. M'nyumba monsemo munalibe chinthu china chokongola chotero.

Ndinapepesa maliro n'kukhala pansi.

"Bulangeti labwino, mayi."

"Linali lake." Ankayankhula motsitsa, osandiyang'ana. "Ankadandaula kuzizira. Bambo ake anamugulira pakaunjika."

"Anakupatsani m'manja?"

"Ayi. Ndinalipeza posesa, lili m'jumbo lakuda kunsi kwa bedi, lomanga pakamwa. Ndinadziwa kuti akufuna kumudzidzimutsa mwana. Koma linali lonyowa, likununkha. Ndinati za pakaunjika ndi momwemo, kapena linavumbwa. Ndiye ndinati ndilichape iwo ali kuntchito, adzapeze zatheka."

"Munachapa nokha?"

"Ndi iyeyo. Bulangeti lalikulu sulitha ndi manja. Analowa m'beseni n'kumapondaponda, miyendo yonse itafiira, akuimba." Anasisita nkhope ya kambuku ija. "Atatopa anamwa madzi pandowa pompo."

Chitseko chinakankhidwa, ndipo analowa a Phulusa. Dzinalo anawapatsa ndi anthu a pamdadada, chifukwa ntchito yawo ndi yotentha zinyalala kuchipatala, ndipo chiyambire mliri ankagwira kumsasa wa kolera. Ndi bambo wamtali, maso ofiira ndi utsi. Anzathu anandiuza kuti ndiwo anayamba kumumenya Wangolo.

"Mukufuna chiyani kwa mkazi wanga? Wakupha muli naye kale."

"Mumagwira kumsasa, bambo. Ndiyenera kufunsa ngati matendawa sanabwere ndi inu."

Anatambasula manja pamaso panga. Khungu linali losendekasendeka, thalauza lili mawanga oyera mpaka m'maondo.

"Onani. Ameneyu ndi klorini. Potuluka ndimaponda m'beseni la mankhwala, ndimasamba mpaka m'zigongono, ovolosi imatsala komweko. Mwana wanga sindinkamugwira ndisanasambe thupi lonse. Kafunseni anamwino. Za kolera pamdadada pano palibe angandiphunzitse ine."

"Bulangetili munagula kwa ndani?"

"Pakaunjika pali anthu angati? Ndingakumbuke nkhope ya aliyense?"

Manja aja sankanama, ndipo ndinatsala pang'ono kupepesa. Koma ndinali nditaona kanthu kena. Chilowereni m'nyumba maso awo anayenda paliponse, pa ine, pa mkazi wawo, kudenga, koma pa bulangeti sanagwerepo ngakhale kamodzi.

* * *

Msasa wa kolera uli kuseri kwa chipatala, matenti ozunguliridwa ndi mpanda wa pulasitiki. Pachipata anandipondetsa m'beseni, nandisambitsa m'manja. M'katimo munali mabedi oboola pakati, ndowa kunsi kwake, odwala maso atalowa, madiripu akulendewera pachingwe. Kunja kwa mpanda ndinaona mayi landilodi atakhala padothi. Pakamwa paja panali patatsekeka, ndipo ndikanakonda akanamanditukwanabe.

Namwino wamkulu anali mayi wochepa thupi, wotopa mpaka m'mawu.

"Apolisi mwabwera kudzamanga kolera? Mutengeni, ali m'matenti onsewa."

Ndinamufunsa za a Phulusa.

"Wakhama, waukhondo, sajomba. Atangoika mwana wake anabwerera pantchito. Ndinamuuza kuti akapume, anakana."

"Zovala za odwala mumazitani?"

"Zotheka kuchapika timaziviika mu klorini, eni ake n'kutenga. Zoipitsidwa kwambiri, makamaka za omwalira, timatentha. Wotentha ndi yemweyo."

"Bulangeti lofiira, la kambuku pakati, linafikapo kuno?"

Anasiya kuvala magolovesi n'kundiyang'ana.

"La dalaivala wa thiraki, woyamba kutifera muno. Anzake anamubweretsa atamukulunga m'menemo, litanyowa ndi chimbudzi chija chonga madzi otsukira mpunga. Abale ake anali kutali, palibe analifunsa. Ndinalimanga ndekha m'jumbo lakuda, n'kumuuza Phulusa kuti alitenthe pamodzi ndi zovala."

Anandiperekeza kudzenje lotenthera. Ndinatola ndodo n'kuyamba kutakasa. Moto sudya zonse, ndipo m'phulusamo ndinapeza mazipi, mabatani achitsulo, ndi chitsulo cha lamba chimene namwino anati chinali cha dalaivala. Koma mabulangeti a mtundu umenewo sapsa n'kusanduka phulusa. Langa linagweredwapo ndi kandulo, ndiye ndikudziwa: amasungunuka ngati pulasitiki, n'kusiya chibuma chakuda cholimba. Lalikulu ngati lija likanasiya chibuma choti palibe angachiphonye. Ndinatakasa mpaka ndodo inagunda dothi, osapeza kanthu.

"Amayi, munthu wodziwa ntchito ngati uja, ngati ankalifuna, bwanji sanayambe waliviika mu klorini?"

"Klorini wa zinthu za omwalira ndi wamphamvu. Bulangeti lofiira mukaliviikamo limatuluka lotuwa ngati chiguduli. Kambuku yense amafufutika."

Tili pomwepo, kuseri kwa mpanda kunamveka kulira. Mawuwo ndinawazindikira, anali a mayi landilodi. Namwino anatsinzina pang'ono, kenako anamaliza kuvala magolovesi n'kubwerera m'tenti.

* * *

Ndinabwerera kumdadada dzuwa litapendeka, mnzanga mmodzi akundidikira ndi galimoto kuseri. Azimayi a pamdadada anali pamzere kumsewu, akutunga pathanki imene azaumoyo anabweretsa. A Phulusa ndinawapeza atakhala pampando pafupi ndi chitseko, akazi awo ali pa kabedi komwe kaja.

"Bambo, tiyeni tikakambirane panja."

"Nenani pomwe pano. Ine ndilibe chobisa."

Ndinawamvera chisoni, ndiponso ndinawakwiyira, ndipo sindinadziwe kuti chachikulu n'chiti.

"Mdzukulu wa alandilodi wamwalira. Chitsekeredwe cha Wangolo, mwanayo wakhala akumwa madzi a pachitsime. Ndachokera kudzenje lanu. Zipi wa dalaivala ndamupeza, lamba ndamupeza. Bulangeti lake silinapse."

Dzanja la akazi awo linasiya kusisita bulangeti.

"Dalaivala wake uti? Bambo ake mwana, akunena chiyani apolisiwa?"

A Phulusa anayang'ana pansi. Atayamba kuyankhula, mawu aukali aja anali atatha, anatsala aang'ono ngati a munthu wina.

"Linali latsopano. Ndinafika nalo padzenje, machesi ali m'manja. Ndiye ndinakumbukira mwana akudzipinda m'kansalu kake kaja m'mawa. Ndinati chinthu chabwino chonchi chipse, mwana wanga akunjenjemera? Ndinati ndikaliviika mu klorini kambuku afufutika, mwana sakondwa nalo. Ndinati tsiku lopuma ndidzaliwiritsa ndekha mumgolo, poti madzi owira amapha tizilombo. N'chifukwa chake sindinalimasule, ndinangolibisa. Nditaweruka tsiku lija ndinalipeza lili pachingwe."

"Simunanene kanthu?" ndinafunsa.

"Ndinafunsa kuti achapira kuti. Atati pachitsime, ndinati mwina sopo wapha. Ndinati ndikanena ntchito itha, ndipo pano atithamangitsa. Ndinati ndidikire ndione. Kenako mwana anayamba kusanza."

"Nanga Wangolo analakwa chiyani?"

"Pamaliro wina anangoti mwina ndi madzi a Wangolo. Ine ndinagwira pomwepo. Ndinkafuna zikhale zoona, a Sajeni. Mpaka lero m'mawa ndimafunabe."

Ndinkayembekeza kuti mayi aja akuwa, koma sanakuwe. Anatembenuza manja awo n'kumawayang'ana.

"Ndinamulowetsa ndekha m'beseni," anatero. "Ndinamugwira dzanja kuti asaterereke." Kenako anayang'ana amuna awo. "Inu masiku onsewa mumandiona ndikulirira m'bulangeti la munthu wakufa, muli chete?"

Mayiwo anaimirira, nalipinda bwinobwino, kambuku ali m'kati, n'kundipatsa.

"Tengani. Ine ndimati likununkhira mwana wanga."

Ndinawatulutsira a Phulusa kuseri, njira ya kuzimbudzi, anthu a pamzere asanadziwe. Anthu omwe aja akanamva, akanawachita zimene anamuchita Wangolo, kapena kuposa.

* * *

Bwana atamva nkhani yonse anangopukusa mutu, nati madzi akatayika saoleka. Anafufuta mlandu wa Wangolo, nalemba wa a Phulusa. Za mwana wachiwiri, amene anamwa madzi a pachitsime chifukwa wogulitsa madzi abwino anali m'chitokosi mwathu, sanazitchule. Ine sindinaziiwale mpaka lero.

Nditatsekula chitokosi Wangolo anaimirira. Ataona a Phulusa kumbuyo kwanga anabwerera kukhoma, dzanja litaphimba mlomo wotupa uja. Ndinamufotokozera mwachidule, za bulangeti, za mng'alu, za mdzukulu wa alandilodi. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Chitsime mwatseka, bwana?"

"Tatseka."

"Zigubu zanga?"

"Anthu aja anaziboola zonse. Ngolo anaitentha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo ine ndinalibe mawu omupepesera amene akanakwana. Ndinangomuuza kuti ndi mfulu, azipita.

Anakumana pakhomo penipeni, wina akutuluka, wina akulowa. A Phulusa sanadzutse mutu. Anapita kukakhala pakona pomwe paja. Wangolo anali atatuluka kale pamene anaima n'kucheuka. Anayang'ana ndowa ya m'chitokosi, yosavindikira, kapu ikuyandama pamwamba, ntchentche zili m'mphepete. Anabwereranso m'kati, n'kuika botolo lake pafupi ndi mapazi a a Phulusa.

"A m'ndowamo musamwe, achimwene. Awa ndi othira mankhwala."

Anatuluka akutsimphina ndi nsapato imodzi ija. Pamene ndinkakhoma chitseko, a Phulusa anali akuliyang'anabe botololo, manja ali kumbuyo, asanaligwire.